Tinkafuna Munthu wa Jekete

Ndinafika ku Chipata kumayambiriro kwa Julayi, mphepo ikuluma makutu, kudzaika pulogalamu yoyang'anira makamera pa depoti ya kampani ina yogula thonje. Ndikuti "ndinafika" ngati mlendo, chonsecho kwathu ndi komweko. Ndinabadwira ku Kapata, ku Lusaka ndinangotsatira ntchito. Mwina n'chifukwa chake abwana anga, a Leticia, anasankha ine. Anati, "Boaz, iwe ni kwanu kuja, sungasobe." Ndinavomera mokondwa, n'kukwera basi ya m'mawa ndi chikwama cha mawaya.

Ntchito yake inali yotere. Depotiyo inali ndi makamera asanu ndi atatu, ndipo eni ake anatopa ndi kulemba munthu woti azingokhala maso tong'o pa sikirini tsiku lonse mpaka kuwodzera. Ankafuna kuti kompyuta izionera yokha: iziwerenga malole ndi ngolo zolowa, izilemba manambala a galimoto, izisiyanitsa mwamuna ndi mkazi, malaya ofiira ndi akuda, kuti belo la thonje likasowa asamangopanikiza alonda. Ukalemba kuti "mwamuna, malaya ofiira, Lachiwiri m'mawa," iyo inkakuyalira aliyense wotero amene anadutsa. Amuna onyamula mabelo ankati ndabweretsa mfiti ya m'bokosi. Ine ndinkaseka, koma kunena zoona dzinalo linkandikomera, ndipo chinthucho ndinkachinyadira ngati ndinachipanga ndekha.

Vuto linali nyumba yochiikamo. Kampaniyo inali ndi seva imodzi yokha, kompyuta yaikulu yosunga zinthu za ofesi yonse, yokhala m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa sikelo. Seva imodzi timaigawa m'kati mwake kukhala makompyuta angapo ongoyerekeza, amene ife a ntchitoyi timawatcha maviyemu. Zili ngati eni nyumba a ku komboni ya Nabvutika, amene amadula nyumba imodzi ndi mabolodi n'kuikamo mabanja atatu: aliyense ali ndi chitseko chake, koma denga ndi limodzi. M'seva ija munali kale a lendi awiri, viyemu ya sikelo ndi viyemu ya makalata a ofesi. Yanga inalowa yachitatu, n'kupatsidwa kangodya. Disiki yowonjezera imene anandilonjeza inali "panjira" kuchokera ku Lusaka. Anthu a ku Lusaka akati chinthu chili panjira, ndiye kuti sichinagulidwe n'komwe.

Dongosolo la kampani yathu silisintha. Ukamaliza kuika pulogalamu, umajambula viyemu yonse mmene ilili, yoyera, isanaone kanthu. Chithunzi chimenecho timati sinapushoti. Kenako umayesa kwa mlungu umodzi ndi makamera enieni. Tsiku lopereka ntchito kwa eni ake, umabwezera viyemu ku sinapushoti ija, ndipo zonse za nthawi yoyesa zimafufutika. Chifukwa chake n'chomveka: pa nthawi yoyesa, chikwangwani chochenjeza anthu kuti akujambulidwa chimakhala chisanakhomedwe, ndiye nkhope zawo sitiloledwa kuzisunga. Ndinali nditachita zimenezi m'malo ambiri osaganizirapo kawiri.

Makamera ndinawalumikiza Loweruka, kuyesa n'kuyamba. Lachiwiri m'mawa ndili m'kachipinda kaja, ndikulimbana ndi viyemu yanga imene inkatsamwa lole ikangokwera pa sikelo, kunabwera a Jonah, mlonda wa pageti, bambo wachikulire wosachedwa kumvera anthu chisoni.

"Odi, a Boaz. Pageti pali amayi ena. Akuti kamera yanu iwathandizeko."

"Kamera iyi si ya boma, a Jonah. Apite kupolisi."

"Anapitako dzulo. Manje a Dailes awauza kuti pano pali makina oona munthu aliyense. Amuna awo asowa."

Ndinatukwana chamumtima. A Dailes ndi mayi wogulitsa vitumbuwa pafupi ndi geti, ndipo za makinawo ndinawauza ndine, podzitama ndikumwa tiyi. Pakamwa panga ndi pamene panandiitanira ntchito yosakhala yanga.

Amayiwo ndinawapeza atakhala pansi m'mbali mwa geti, atatambasula miyendo, kolona ili m'khosi. Atandiona anagwada. Mayi wamsinkhu wa amayi anga kundigwadira ine pafumbi, madalaivala a malole akuonerera! Ndinachita manyazi, ndipo manyazi anga amatuluka ngati ukali.

"Dzukani, amayi, dzukani. Nenani msanga, ndili pa ntchito."

Anali a Sesiliya Miti, a kumudzi wina kuseri kwa Tamanda. Amuna awo, a Gabrieli Miti, anakhala katekisiti zaka makumi atatu ndi chimodzi. Zaka ziwiri zapitazo mutu unayamba kuwathawa: kuiwala mayina a ana, kufunsa za anthu amene anaikidwa kalekale, kuyamba pemphero n'kulisiya panjira. A Sesiliya anabwera nawo mu tauni kudzaonana ndi adokotala, ndipo ankagona kwa mng'ono wawo wa a Sesiliya ku Nabvutika. Lolemba m'mawa a Sesiliya anapita kukatunga madzi, n'kupeza mzere wautali. Pobwerera, pamphasa panalibe munthu.

Tsono njira yochokera mbali imeneyo ya Nabvutika imadutsa pageti la depoti n'kukathira mumsewu waukulu. Pamphambano pamenepo munthu amasankha: kumanzere ku tauni, kumanja kumpoto, kolowera kwawo kwa a Miti. Kamera ya pageti inkaona mphambano yonseyo, ngakhale manambala a maminibasi oima pamenepo. Ngati a Gabrieli anadutsa, tikanadziwa mbali imene analowera, ndipo ngati anakwera galimoto, tikanadziwa kuti ndi iti. Mtima wanga unayamba kufewa, koma osati chifukwa cha chisoni chokha ayi. Ndinaona mpata woonetsa anthu chimene mfiti yanga ingachite.

Ndinabweretsa laputopu pa benchi la alonda. A Jonah anaima kumbuyo kwanga, madalaivala awiri anasendera, onyamula mabelo nawonso anasiya ntchito. Pamaso pa gulu lonselo ndinafunsa mokweza, ngati wapolisi:

"Anavala chiyani?"

A Sesiliya anayang'ana pansi. Anayang'ana madalaivala aja, n'kuyang'ananso pansi.

"Jekete lakuda," anatero. "Buluku la khaki. Ndi chisoti. Atate ake a Loveness satuluka opanda chisoti."

Anamasula kansalu n'kutulutsa chithunzi. Bambo wamtali, woongoka, ataima pakhomo la tchalitchi, jekete lakuda atamanga mabatani onse, chisoti chili m'manja. Anali munthu woti ukakumana naye panjira umapatuka n'kupereka moni usanadziwe dzina lake.

Ndinalemba: mwamuna, jekete lakuda, Lolemba, kuyambira 6 koloko mpaka 10 koloko m'mawa. Pulogalamu inayala anthu khumi ndi anayi. Madalaivala anati "Eee!" ine mapewa m'mwamba. A Sesiliya anawayang'ana mmodzimmodzi, akupukusa mutu. Ndinachotsa jekete, n'kulemba chisoti. Palibe. Ndinachotsa zonse, n'kusiya mawu amodzi okha: mwamuna. Kunabwera amuna oposa mazana atatu, poti inali nyengo yogulitsa thonje, ndipo tinawapenda onse mpaka dzuwa linafika paliwombo, oonerera n'kubalalika ndi njala.

Kuti ndisasiye kanthu, ndinati ndionenso vidiyo yonse ya maola anayi aja ndi maso anga. Pa laputopu ya pageti vidiyo inkangodukaduka, choncho ndinabwerera m'kachipinda ka seva, mmene alendo saloledwa kulowa, n'kuithamangitsa ndekha. Ngolo, njinga zonyamula anthu, ana a sukulu, azimayi odzikulunga zitenje mpaka kumutu chifukwa cha mphepo, malole, fumbi. Diso langa linkasaka jekete lakuda ndi chisoti, basi.

"Amayi, pano sanadutse," ndinatero nditatuluka. "Makina aona mwamuna aliyense, ine ndaonanso ndekha. Akanadutsa tikanawapeza. Kafuneni mbali inayo, kudambo ndi kuphiri."

"Mwamuna aliyense?" anafunsa.

"Aliyense."

Anaomba m'manja mothokoza, n'kupita. Mawu anga anawatenga ngati a m'Baibulo. Tsiku lomwelo Akatolika anzawo a mphakati wa ku Nabvutika, amene ankawathandiza kufunafuna, anasiya kufunsa m'misika ndi m'masitesheni a mabasi. Chifukwa cha ine, anayamba kusakasaka m'dambo, m'zitsime zakale ndi m'mathengo a kuphiri.

Lachitatu m'mawa anabweranso, chitenje chili ndi chisoso cha kuthengo. Anandibweretsera kapepala ka mtedza wokazinga.

"Nshawa chabe, mwana wanga, za kumunda kwathu. Ndimati mwina makina akumbukira lero."

"Makina sakumbukira lero zimene sanaone dzulo, amayi."

Anandiuza kuti dzulo anafika mpaka kumiyala ya kuphiri, ndipo anapeza nsapato imodzi, koma si ya amuna awo. Kenako anatsitsa mawu, akuyang'ana ngati a Jonah ali pafupi.

"Ndifunseko. Munthu akakhala kuti wavala zina, makina amamudziwabe?"

Foni yanga inali ikulira m'thumba. "Amamudziwa," ndinatero, n'kutembenuka kukayankha. Linali bodza la munthu wodzitama. Pamphambano ndi patali ndi kamera, nkhope sizioneka bwino, ndipo makina amangoganizira potengera thupi ndi zovala. Ndinkadziwa zimenezi bwinobwino. Mtedza uja ndinadya ndi a Jonah masana, unali wokoma.

Ine panthawiyo madzi anali atafika m'khosi. Magetsi ankazima m'mawa uliwonse, jenereta inkadzuka mochedwa, ndipo seva ikayakanso maviyemu atatu aja ankalimbirana mphamvu ngati anapiye pa gaga. Ndikaipatsa yanga zokwanira, ya sikelo inkazizira, alimi n'kuima pamzere ndi ngolo zawo, a Israel, manijala wa depoti, n'kubwera akutuluka thovu kukamwa. Ndikaimana, inkadumpha zithunzi n'kuwerenga ngolo imodzi kawiri. Ndinachepetsa kuwala kwa makamera a kuseri, ndinasuntha ntchito zolemera kuti zizichitika sikelo ikatseka, ndinachita zonse zimene munthu amachita akapatsidwa kangodya. Pamwamba pa izo panali foni ya a Leticia, m'mawa ndi masana.

"Boaz, pa Chisanu ni pa Chisanu. Nifuna handova isainidwe, Mande uli na nchito ku Katete. Osaniuza mastori."

Lachinayi a Sesiliya anabweranso, nkhope itagwa, milomo itauma. Ndinawafunsanso pomwepo pabenchi, anthu ali mbwee.

"Mukutsimikiza za jekete?"

"Ndakhala nawo zaka makumi anayi ndi ziwiri, mwana wanga."

"Sindinafunse zaka. Ndafunsa jekete."

Anangopukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Atachoka, a Jonah ananditsatira mpaka pakhomo la kachipinda kanga.

"A Boaz, ndinenepo pang'ono. Mukanawapatsa a Dailes kuti acheze nawo paokha. Zinthu zina mzimayi wamkulu sanena kwa mwamuna, makamaka pagulu."

"A Jonah, funso ndi funso. Ndafunsa za malaya, sindinafunse za kuchipinda."

Anangoti, "Chabwino, bwana," n'kubwerera kugeti. Bwana ameneyo sanali waulemu, ndipo ndinamumva. Ine wobadwira ku Kapata, woleredwa ndi amayi amene mpaka tsiku lomwalira sanatchulepo dzina la atate anga pagulu, ndinachita kuuzidwa zimenezi ndi mlonda, n'kukananso. Ndinatseka chitseko n'kubwerera ku mawaya anga.

Lachisanu cha m'ma 9 koloko chikwangwani chinakhomedwa pageti. Ndinakhala pa seva ndi pepala la ndondomeko, kuchonga mzere ndi mzere. Nditafika pamzere wobwezera viyemu ku sinapushoti, ndinaima pang'ono. Sindinama, ganizo linabwera: bwanji ndikope maola anayi a Lolemba aja? Koma ndikopere kuti? Fulashi yanga inali yodzaza ndi mafayilo oikira pulogalamu, pa seva panalibe malo, lamulo linkakana, ndiponso ndisungirenji vidiyo imene ndaipenda kale n'kupeza kuti mulibe munthu? Kompyuta inandifunsa ngati ndikutsimikiza. Ndinadina. Zinatenga mphindi zitatu, ndipo viyemu inadzuka yoyera, yosadziwa kanthu. Makamera asanu ndi atatu anayamba kuthiramo vidiyo yatsopano. A Israel anandigwira chanza, n'kunena kuti ndine katswiri.

Cha m'ma 3 koloko masana, ndikulongedza mawaya, a Dailes anafika pakhomo opanda beseni lawo la vitumbuwa.

"A Boaz, tiyeni kuseri kwa shedi. Nokha."

Kumeneko ndinapeza a Sesiliya atakhala pa belo long'ambika, atandifulatira. A Dailes anandinong'oneza kuti m'mawa umenewo a Sesiliya anapita ku nyumba yachisoni ya pachipatala, kukayang'ana pakati pa mitembo yopanda abale. Amuna awo kunalibe. Koma mayi wogwira ntchito kumeneko anawatengera pambali n'kuwauza kuti wofunafuna munthu sabisa kanthu, ndipo kwa nthawi yoyamba anaulula. Kuchokera uko anadza kwa a Dailes. Tsopano inali nthawi yoti ndimve ine, ndipo analankhula akuyang'ana khoma.

"Jekete lili m'chikwama kwa mng'ono wanga. Chisoti nachonso. Atate ake a Loveness masiku ano sadzigwira. Lamulungu anadzionongera kawiri, mabuluku onse awiri. Ndinachapa mbandakucha, ndinayanika. Ndiye ndinawakulunga chitenje changa, chachikasu cha maluwa, kuyambira m'khwapa mpaka kumapazi. China ndinawafunditsa kumutu chifukwa cha mphepo. Ndinati akhale pamphasa ndikatunge madzi, mabuluku aume."

Pulogalamu ija sifunsa munthu dzina. Ikaona chitenje chofika kumapazi ndi nsalu kumutu, imalemba kuti mkazi. Ife masiku onsewo tinkasaka pakati pa amuna.

"Bwanji simunanene?" ndinakuwa. Inde, ndinakuwa, ndipo a Dailes anandiyang'ana ngati andimenye. "Masiku anayi, amayi! Ndinakufunsani kawiri!"

Anatembenuka. Sankalira.

"Ndinene pamaso pa madalaivala? Munthu woti waphunzitsa katekisimu midzi isanu ndi umodzi, waika maliro a makolo a anthu, ine ndinene pamsewu kuti akuyenda mu tauni atavala chitenje cha mkazi wake? Mawa zikamveke ku Tamanda? Ndimati ndiwapeza msanga, ndiwaveke, wina asanadziwe. Ndipo inu munati makina aona mwamuna aliyense. Munati amamudziwa munthu ngakhale avale zina. Ine ndinati basi, bodza langa silinaononge kanthu. Manje ndanena. Kayang'aneninso, mwana wanga. Chachikasu cha maluwa."

Ndinathamangira ku kachipinda ka seva.

Ndinazimitsa viyemu pomwepo, makamera onse n'kuchita khungu. Vidiyo yofufutidwa sichoka nthawi yomweyo, imakhalabe pa disiki mpaka china chitabwera kudzagona pamalo pake. Pa disiki yaikulu ikanatha kukhala mlungu wathunthu osakhudzidwa. Koma pathu panali pothina. Makamera asanu ndi atatu anali atathira kwa maola asanu ndi limodzi, ndipo Lachisanu lililonse masana viyemu ya makalata imasunga kope la makalata onse a ofesi. Itaona malo atseguka, inayala mphasa yake pomwepo. Ndinayendetsa pulogalamu yotola zofufutika, thukuta lili kamukamu m'kachipinda kozizira. Inatola zidutswa. Theka la lole. Mbuzi ya Lachinayi. Mizere yotuwa yambirimbiri. Ine mwini nditaima pageti, foni ili kukhutu. Za Lolemba m'mawa panalibe ngakhale kachidutswa.

A Israel anagogoda, kufunsa chifukwa chimene sikirini yawo yadera. Sipanapite nthawi a Leticia anaimba.

"Boaz, wazimya sisitemu ya kasitoma pa siku ya handova? Uli bwino-bwino iwe?"

Ndinapempha ola limodzi, anandipatsa theka. Theka litatha ndinaba linanso. Sizinathandize.

Chimene chinatsala chinali mu foni yanga. Masiku oyesa, pulogalamu inkanditumizira lipoti la manambala okhaokha, lopanda chithunzi. Ndinatsegula la Lolemba. Kuyambira 6 koloko mpaka 10 koloko, akazi olowera ku tauni 187, akazi olowera kumpoto 64. Ndinawerenga kangapo, ngati kuti manambala angasinthe. Ngati a Gabrieli anadutsa, ndipo mtima wanga ukuti anadutsa, ali mwa amodzi mwa manambala awiriwo. Anayenda pa sikirini yanga Lachiwiri lija, amtali, okulungidwa zachikasu, ine maso ali pomwepo, n'kuwalola apite. Ndayesa kukumbukira mpaka mutu kuwawa. Tsiku lina ndimawaona akukhotera kumanzere, tsiku lina kumanja, ndipo ndikudziwa kuti zonsezo ndikupeka ndekha.

Ndinayatsa viyemu, makamera n'kupenyanso. Koma ndinakhalabe m'kachipindamo, chifukwa ndinkaopa kutuluka. Pa sikirini ndinkawaona a Sesiliya. Anali atachoka kuseri kwa shedi n'kukaima kutsogolo kwenikweni kwa geti, moyang'anana ndi mphambano, kudikira yankho. Kabokosi kobiriwira kanawazungulira, monga kamachitira ndi aliyense. Patapita mphindi khumi kanasanduka kofiira, ndipo belu linalira. Eni kampani anapempha kuti munthu akaima pamalo amenewo nthawi yaitali makina azichenjeza, poti akuba amayamba ndi kuzonda. Mphindi khumizo ndinaika ndine m'mawa womwewo. Chenjezo loyamba la pulogalamu yanga itayamba ntchito yeniyeni linali la amayi amenewa.

Foni ya a Israel nayo inalira. Ndinawamva akukuwa pakhonde, okondwa kuti chinthu chikugwira ntchito.

"Jonah! Makina akuti pali munthu pageti. Muchotse!"

A Jonah sanasunthe pabenchi. Anangotembenuka n'kuyang'ana chitseko changa, mpaka ndinatuluka.

Ndinayenda kupita kugeti ndikukonza mawu. Ndinati ndiwauza zonse: za sinapushoti, za disiki, za bodza langa la Lachitatu, kuti ndafufuta amuna awo ndi chala changa m'mawa womwe uno. Koma nditafika anandiyang'ana ndi maso odikira. Ulemu wa amuna awo, umene anausunga masiku anayi akugona ndi njala, anali atauvula pamaso pa munthu wamsinkhu wa mwana wawo, wowakalipira ngati ine. Ndiwauze kuti auvula pachabe, kuti achedwa ndi maola asanu ndi limodzi? Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinadzida, koma choposa zonse ndinachita mantha.

"Mwawaona?" anafunsa.

Ndisanatsegule pakamwa, anapitiriza.

"Musandiuze zambiri, mwana wanga, mutu wanga watopa. Mungondilozera chabe. Uku, kapena uku?"

Kumanzere kunali tauni yonse, misika, masitesheni, mabasi a ku Lusaka ndi a kumalire. Kumanja kunali msewu wautali wolowera kumidzi. Masiku anayi ndi theka anali atapita, m'mphepo ya Julayi, kwa nkhalamba yovala chitenje chokha. Sindinkadziwa kanthu. Dzanja langa linakwera, n'kuloza kumanja.

"Kumudzi," anatero, nkhope ikumasuka koyamba mlungu wonsewo. "Ndinadziwa ine. Aiwala mayina a ana, koma njira ya kwawo sangaiwale."

Anandigwira dzanja lomwe ndinalozeralo ndi manja awo onse awiri.

"Mulungu akudalitseni, mwana wanga. Ndikauze anzanga a mphakati asiye kwina konse, tonse tilowere uko. Makina anu sanama."

Anamanga chitenje, n'kuuyamba wa kumpoto mofulumira, ngati munthu wokakumana ndi wina amene akumudikira. Sindinawaitane.